SIR CHARLES PARSONS, MMISIRI AMENE ANAWETA NTHUNZI

Charles Algernon Parsons anabadwa mu London pa 13 June 1854. Iye anali mwana wotsiriza wa William Parsons, mfumu yomveka ya ku Ireland yokhala ndi dzina la ulemu la Earl of Rosse. Mudzi wao unali ku Birr Castle, pakati pa dziko la Ireland, ndipo kumeneko atate wace anamanga galasi loonera nyenyezi la mainchi 72 m'mimba mwace. Galasilo linatha m'caka ca 1845, ndipo linaposa ena onse a pa dziko lapansi kwa zaka zoposa 70. Pofuna kulipanga, mfumuyo inamanga ng'anjo ndi nyumba zosuliramo zitsulo pabwalo pace pomwe, kotero kuti ana ace anakula akumva kulira kwa nyundo monga ana a wosula makasu.

Anyamatawo sanatumizidwa ku sukulu. Anaphunzira kwao ndi aphunzitsi odziwa masamu ndi nyenyezi, mmodzi wa iwo ndiye Robert Ball amene anachuka pambuyo pace. Atate wao anamwalira m'caka ca 1867. Patapita zaka ziwiri, pa 31 August 1869, cinagwa cinthu coopsa. Ana a mfumuyo anali atapanga galimoto yoyenda ndi nthunzi, ndipo tsiku limenelo anakweramo pamodzi ndi mbale wao, mai Mary Ward, wolemba mabuku a za zolengedwa. Pokhota njira m'mudzi wa Birr maiyo anagwa, gudumu linamponda, namwalira pomwepo. Anthu ambiri ayesa kuti iyi ndiyo imfa yoyamba yolembedwa ya munthu wophedwa ndi galimoto. Charles anali ndi zaka 15.

Anaphunzira ku Trinity College mu Dublin, napitirira ku St John's College mu Cambridge, kumene anatsiriza bwino maphunziro a masamu m'caka ca 1877. Pamenepo anacita cinthu cimene ana a mafumu sanali kucita masiku aja: analowa nchito ya manja monga wophunzira umisiri ku mafakitale a W. G. Armstrong ku Elswick, mu Newcastle. Atacoka uko anakhala kanthawi ku Leeds, ndipo m'caka ca 1883 anakwatira Katharine Bethell. Caka cotsatira analowa m'kampani ya Clarke, Chapman ku Gateshead, nayang'anira mbali ya magetsi.

Masiku amenewo nyali za magetsi zinali zatsopano, ndipo eni zombo anazifuna. Magetsi acokera m'dainamo, monga kaja kamene kakhuza tayala la njinga, ndipo dainamo ikonda kuzungulira msanga. Koma injini za nthunzi za nthawi iyo zinali za pisitoni, citsulo copita uku ndi uku monga munsi mu mtondo. Injini yotere ikafulumizidwa igwedeza nyumba yonse nidziphwanya yokha. Akale anadziwa kuti nthunzi ingathe kuzunguza gudumu la mapiko, monga madzi azunguza gudumu la cigayo, koma panali cowaletsa. Nthunzi yoturuka m'boila ndi mphamvu yace yonse ithamanga kuposa cipolopolo ca mfuti, ndipo gudumu lofuna kulandira mphamvu imeneyo liyenera kuthamanga liwiro limene citsulo sicingapirire. James Watt mwini anaiganizira njirayi naikana pa cifukwa comweci. Gustaf de Laval wa ku Sweden anapanga gudumu limodzi lozungulira kufikira nthawi 30,000 pa miniti, nacepetsa liwirolo ndi magiya.

Nzeru ya Parsons inali ya kugawa. M'malo mwa kumasula nthunzi kamodzi, anaipititsa m'mizere yambiri ya timapiko, mzere wina womangika ku cibade ca makina, mzere wotsatira womangika ku citsulo cozungulira ca pakati cimene amisiri acicha shafiti. Pa mzere uli wonse nthunzi itaya pang'ono cabe za mphamvu yace, monga mtsinje wotsika phiri pa timathithi tambiri osagwa pa phompho limodzi. Makina otere ndiwo turbine. Yoyamba anaitsiriza m'caka ca 1884. Inali yaing'ono, yopatsa makilowati 7.5, ndipo inazungulira nthawi 18,000 pa miniti, ndiko kunena nthawi 300 pa sekondi imodzi. Popeza panalibe dainamo yopirira liwiro lotere, iye anapanganso dainamo yace. Makina amenewo asungidwa ku Science Museum mu London.

Mabuku ambiri akafika apa athamangira ku nkhani ya zombo. Koma kuzunguza gudumu kunali theka cabe la nchito. Theka linalo linali kuliletsa. Turbine yokoka dainamo ifanana ndi ng'ombe zokoka ngolo yolemera pa citunda. Katundu wace ndiye nyali ndi makina onse amene alikudya magetsi. Waya waukulu ukaduka, kapena swichi ikazima mwadzidzidzi, katundu yense acoka m'kuphethira kwa diso, koma nthunzi iri kulowabe monga kale. Pamenepo liwiro likwera m'masekondi owerengeka. Ndipo mphamvu yofuna kutaya timapiko kunja siikwera molingana ndi liwiro, koma iposa: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo iwirikiza kanai. Turbine siicenjeza monga injini ya pisitoni imene iyamba kugogoda ndi kunjenjemera. Iyo ingolira mokweza pang'ono, kenaka zitsulo zolemera ziboola cibade cace ndi makoma a nyumba. Cinanso, ngakhale popanda ngozi, liwiro losinthasintha licititsa nyali kuwala ndi kuzirala, ndipo palibe munthu akadagula makina otere.

Cida coletsa liwiro cinalipo kale. Dzina lace m'Cingerezi ndi governor, mau omwe aja amene anali kuchulira Bwanamkubwa wa dziko masiku a atsamunda, ndipo amisiri acicha gavana. Omanga zigayo za mphepo ndi za madzi anali kucigwiritsa nchito pa mphero zao, ndipo Watt anaciika pa injini ya nthunzi m'caka ca 1788. Mapangidwe ace ngosabvuta kumva. Mwana akamanga mwala ku cingwe nauzunguza, mwalawo ukwera ndi kutalikira dzanja lace pamene afulumiza. Momwemo mipira iwiri ya citsulo ipacikidwa pa mikono iwiri ku ndodo yoimirira imene injini iizunguza. Injini ikafulumira mipira itanuka nikwera, mikono ikoka ndodo yina, ndipo ndodoyo itseka pang'ono citseko ca nthunzi. Injini ikalema mipira itsika, citseko citseguka. Motero makina adziweruza okha popanda munthu woima pa mpini usana ndi usiku. Koma injini za Watt zinali kuzungulira nthawi makumi owerengeka pa miniti. Mipira yolendewera yotere siikadakhala pa shafiti ya 18,000.

Cifukwa cace pa turbine yoyamba Parsons anapanga gavana wa mtundu wacilendo, amene wosula ali yense wa kumudzi akadamzindikira, pakuti mtima wace unali mbvukuto wa cikopa. Pa shafiti anaikapo kacipangizo kokupiza mphepo, kamene kanali kuyamwa mpweya wa mu mbvukutomo. Liwiro likakwera kanayamwa kolimba, mbvukuto unafota, ndipo pofota unakoka ndodo yotseka nthunzi. Liwiro likatsika, sipiringi inaufutukula nitsegulanso njira. Pamwamba pa izi anaonjezapo kacitsulo kokokedwa ndi maginito a dainamo, kamene kanali kutseka kapena kutsegula kabowo kolowetsa mpweya mu mbvukuto. Potero makina anamvera zinthu ziwiri, liwiro la shafiti ndi mphamvu ya magetsi oturuka. Pa makina ang'ono a m'zombo cida ici cinakwanira.

M'caka ca 1889 Parsons anasiyana ndi anzace a ku Gateshead. Kusiyanako kunamdyera zambiri, cifukwa makalata a boma oteteza nzeru zace anatsalira m'manja mwa kampaniyo, ndipo iye analetsedwa kupanga turbine ya mtundu umene anautulukira yekha. Anamanga fakitale yace ku Heaton, mu Newcastle, napanga mtundu wina m'mene nthunzi iyenda kucokera pakati kunka kunja, kufikira anaombola makalata aja patapita zaka ngati zisanu. Sanakhala cabe pa zaka zimenezo. M'caka ca 1890 nyumba ya magetsi ya Forth Banks mu Newcastle inayamba kuunikira mzinda ndi maturbine awiri a makilowati 75, ndiyo yoyamba pa dziko lapansi kutero. Posacedwa mzinda wa Cambridge unalandira ya makilowati 100, imene nthunzi yace yotsiriza inali kuziziritsidwa kuti isanduke madzi. Ndipo pamenepo turbine inayamba kulingana ndi injini zabwino za pisitoni pa kadyedwe ka malasha.

Makina atakula, citseko ca nthunzi cinakulanso, ndipo mbvukuto wa cikopa sunathe kucisuntha. Parsons anabwerera ku zolemera zozungulira za mtundu wa Watt, koma zazing'ono, zogwidwa ndi sipiringi, ndi zoyendetsedwa pang'onopang'ono ndi giya yocokera ku shafiti. Komabe zolemera zotere ziribe mphamvu yakukankha citseko cimene nthunzi ya boila iri kucipanikiza. Tsono anagawa nchito monga icitikira ku bwalo la mfumu: mfumu siinyamula munthu ndi manja ace, ingolankhula, ndipo kapaso ndiye agwira. Gavana anangosuntha kacitseko kakang'ono kopepuka. Kacitsekoko kanaweruza nthunzi ya pansi pa pisitoni. Ndipo pisitoniyo ndiyo inanyamula citseko cacikulu.

Anaonjezapo cinthu cina cimene cionetsa kuti anadziwa makhalidwe a zitsulo. Citseko cokhala malo amodzi kwa maora ambiri cimamatira ndi dzimbiri ndi litsiro, monga citseko ca nyumba yosatsegulidwa dzinja lonse. Ndipo tsiku la tsoka, pamene ciyenera kutseka msanga, cikana. Cifukwa cace Parsons sanalola citseko cace kupumula. Anacipanga kuti cidzitseguka ndi kutseka kosalekeza, kambirimbiri pa miniti, kotero kuti nthunzi inalowa mopuma, mpweya umodzi umodzi. Nchito ya gavana inali kuweruza utali wa mpweya uli wonse. Katundu akacepa, citseko cinatseguka kanthawi kocepa nicitsekanso. Katundu akacuruka, cinakhala cotseguka nthawi yaitali, kufikira pa katundu wodzaza mipweyayo inatsala pang'ono kulumikizana. Shafiti yolemera siinamva kudukizako, monga gudumu la njinga silimva kuti mwendo upalasa mosinthana. Phindu lina linali lakuti ngakhale pa katundu wocepa nthunzi inalowa ndi mphamvu yace yosacepetsedwa. Njirayi inali ndi zobvuta zace, pakuti kugunda kosaleka kunatopetsa mipope ndi zitseko, ndipo pa makina akulu a pambuyo pace amisiri anaisiya, nayamba kusuntha zitseko ndi mafuta opopedwa mwamphamvu. Koma pa zaka zimene anthu anali kukayika turbine, iyi ndiyo inawaonetsa kuti makinawo angakhulupirike.

Pali cinthu cimodzi ca gavana wa zolemera cimene cidabwitsa ophunzira. Iye sangathe kusunga liwiro limodzi ndendende. Kuti atsegule nthunzi yambiri, zolemera ziyenera kutsika, ndipo sizitsika liwiro likapanda kucepa. Motero turbine yolemedwa iyenda pang'ono pansi pa liwiro la turbine yopanda katundu, ndipo amisiri akonda kulola kusiyana kwa magawo 4 kapena 5 pa 100. Munthu angayese ici cilema, koma ndico cimene cilola maturbine ambiri kukoka pamodzi pa waya mmodzi, yense nasenza gawo lace osalimbana. Gavana wofulumira kuweruza ndiye woipa: atseka kopitirira, liwiro ligwa, atsegula kopitirira, liwiro likwera, ndipo makina ayenda mwa dzandidzandi monga wophunzira njinga wokhotetsa cikono uku ndi uku. James Clerk Maxwell analongosola masamu a nthenda imeneyi m'caka ca 1868, ndipo anali mphunzitsi wamkulu ku Cambridge pa zaka zimene Parsons anaphunzira komweko.

Ndipo popeza gavana ali yense angalephere, omanga maturbine anaika mlonda waciwiri wosadalira woyambayo. M'shafiti muli kamsomali kolemera mbali imodzi, kogwidwa ndi sipiringi yolimba. Pa liwiro loyenera kakhala duu zaka ndi zaka. Liwiro likapitirira ndi gawo limodzi pa magawo 10, kalumpha kunja, kamenya kampini, ndipo citseko cacikulu cigwa nicitseka nthunzi yonse. Pa makina a mafuta anakonza kuti mafutawo ndiwo agwira zitseko zotseguka, kotero kuti mpope ukaphulika sipiringi izitseka zokha. Ngakhale zinali tero, tsoka linaoneka m'caka ca 1956 ku Uskmouth, m'dziko la Wales, Parsons atamwalira kale. Turbine ya makilowati 60,000 inataya katundu wace, zitseko zinamamatira cifukwa ca litsiro la m'mafuta, makina anathawa naphulika, ndipo anthu awiri anafa. Cimene Parsons anaciopa pamene anakaniza citseko cace kupumula ndi comweci.

Za zombo zingosimbidwa mwacidule, pakuti zidziwika. M'caka ca 1894 anamanga kabwato koonda kochedwa Turbinia. Poyamba kanamcititsa manyazi, osafika ngakhale manoti 20, cifukwa copalasira cace cinali kuzungulira msanga kotero kuti cinang'amba madzi ndi kupalasa thobvu. Anayesa nayesanso, naika mashafiti atatu ndi zopalasira 9. Pa 26 June 1897, pamene zombo za nkhondo zinandanda pa Spithead kukondwerera zaka 60 za ufumu wa Mfumukazi Victoria, Turbinia inathamanga pakati pa mizere yao, ndipo panalibe bwato la alonda lotha kuigwira. Liwiro lace linafika manoti 34, ndiwo mamailo pafupifupi 40 pa ora. Koma m'caka ca 1901 zombo ziwiri zoyamba za nkhondo zokhala ndi maturbine ace zinatayika. Viper inagunda matanthwe, ndipo Cobra inathyoka pakati m'nyanja ya mafunde, nimiza anthu 67, ena a iwo anchito a Parsons mwini. Makina ace sanapezeka ndi mlandu pa ngozi ziwirizi, koma imfa ya anthu ace inampweteka kwambiri. Pofika 1906 combo ca nkhondo Dreadnought cinayenda ndi maturbine, ndipo m'caka ca 1907 Mauretania ndi Lusitania zinaoloka nao nyanja ya Atlantic.

Pamtunda makina anakula mofulumira. Mzinda wa Elberfeld ku Germany unagula awiri a makilowati 1,000 kuciyambi kwa zaka za 1900. Mzinda wa Chicago unaitanitsa ya makilowati 25,000 m'caka ca 1912, ndipo Parsons asanamwalire fakitale yace inapanga ya 50,000. Kuno ku Zambia, dziwe la Kariba lisanayambe kupatsa magetsi, migodi ya ku Copperbelt inali ndi nyumba zace za magetsi zotentha malasha a ku Wankie, ndi nkhuni pamene malasha anasowa, ndipo nthunzi yace inazunguza maturbine. Nyumba ya magetsi ya ku Maamba, imene inayamba nchito m'caka ca 2016 ndi mamegawati 300, iyenda ndi nzeru yomweyi ya kugawa nthunzi m'mizere. Magetsi a dziko lino apita uku ndi kubwerera nthawi 50 pa sekondi, ndipo kuti atero turbine yaikulu ya nthunzi iyenera kusunga nthawi 3,000 pa miniti usana ndi usiku. Masiku ano liwirolo liwerengedwa ndi zida za magetsi ndi makompyuta m'malo mwa zolemera zozungulira, koma pa makina ambiri akale kamsomali kaja kakali m'shafiti.

Parsons anali munthu wamanyazi, wosadziwa kulankhula pa gulu, ndipo anchito ace anali kubvutika kumva malongosoledwe ace, cifukwa maganizo ace anathamanga kutsogolo kwa mau. Si zonse zinamyendera. Anataya zaka zambiri ndi cuma cambiri poyesa kupanga miyala ya daimondi, ndipo potsiriza anabvomera kuti sanaipange. Mfumu ya England inampatsa dzina la Sir m'caka ca 1911, ndi ulemu wa Order of Merit m'caka ca 1927. Mwana wace wamwamuna mmodzi yekha anaphedwa ku nkhondo m'caka ca 1918. Mwana wace wamkazi, Rachel, anaphunzira umisiri ku Cambridge, ndipo iye ndi amace anali mwa oyambitsa Women's Engineering Society m'caka ca 1919. Pa ukalamba wace Parsons anabwerera ku nchito ya atate wace, nagula kampani yopanga magalasi oonera nyenyezi imene inachedwa Grubb Parsons kuyambira 1925.

Kuciyambi kwa caka ca 1931 iye ndi mkazi wace anapita ulendo wa pa nyanja ku West Indies. Anadwala m'njira, namwalira pa 11 February m'combo cochedwa Duchess of Richmond, pa doko la Kingston ku Jamaica, ali ndi zaka 76. Mapemphero a cikumbutso anacitika mu Westminster Abbey, koma mtembo wace unaikidwa m'manda a chalichi ca kumudzi ku Kirkwhelpington, m'dziko la Northumberland, pafupi ndi nyumba yace. Mkazi wace anamtsata m'caka ca 1933, naikidwa pambali pace.